Achemwali ofuna kugula Peloton, dikirani kaye mumve izi

Achemwali, uthenga wanu ndauwerenga bwinobwino. Mwati a dokotala ku GP, chipatala cha m'dera lanu chomwe munalembetsako, akuuzani kuti BP yayamba kukwera ndipo shuga ali m'malire, mumagwira mashifiti ausiku kosamalira okalamba, nthawi yopita ku jimu sikupezeka, ndiye mukuganiza zotenga Peloton, njinga yopalasa m'nyumba yokhala ndi sikirini yoonetsa makalasi a aphunzitsi, pangongole yolipira mwezi ndi mwezi chisanu chisanalimbe. Za njinga yopalasa m'nyumba ndikugwirizana nanu ndi mtima wonse. Kuno ku Britain mawotchi akangobwezedwa kumapeto kwa Okutobala mdima umagwa msanga, pofika Disembala 4 koloko madzulo kunja kumakhala kutada kale, ndipo munthu wotopa ndi shifiti sangatuluke kukathamanga pamvula yozizirayo. Kupalasa sikugwedeza maondo ngati kuthamanga, komanso njinga ikakhala pabalaza simudikira basi kapena wokusungirani ana. Koma pa Peloton penipenipo ndikuti musathamange. Gulani njinga payokha, makalasi paokha, kuti mwezi ukakuvutani musiye makalasi koma njinga izigwirabe ntchito yake yonse.

Ambiri amayang'ana mtengo wa njinga n'kuiwala kuti sikirini ili kutsogoloyo imafuna ndalama mwezi uliwonse. Umembala wa njinga ya Peloton kuno ndi mapaundi pafupifupi 40 kapena kuposerapo pamwezi, ndiye kuti pachaka ndi ndalama yoposa mapaundi 450, musanawerengere ngongole ya njingayo. Kubanki kuzituluka ndalama ziwiri mwezi uliwonse. Mukasiya kulipira umembala njinga imapalasika ndithu, koma makalasi amatsekedwa, mumatsala ndi manambala pasikirini, ndipo sikiriniyo simungaigwiritse ntchito momasuka ngati tabuleti wamba. Palinso nsapato. Mapedulo ake amafuna nsapato zokhala ndi kachitsulo kokolera kunsi, ka mtundu wa Look Delta, ndiye aliyense m'nyumba wofuna kukwera afunika zakezake, kupatula ngati musintha mapedulo. Tsono inu mukudziwa kuti miyezi yomwe mukufuna kuyamba kulipirayi ndi yomwe foni imalira kwambiri kuchokera kumudzi: feteleza, mbewu, fizi ya Januwale. Sindikufuna kuti chinthu chomwe mwagulira kutsitsa BP chikhale chokusowetsani tulo.

Musandimve ngati ndikuinyoza. Ndi njinga yabwino, yolimba, yosasokosa. Kampaniyi inayamba ku New York mu 2012, inafika kuno mu 2018, ndipo ili ndi situdiyo yake ku Covent Garden mu London, kotero makalasi ena amayendetsedwa ndi aphunzitsi akonkuno pa nthawi yathu yomweyi. Mphunzitsi akatchula nambala ya kulimba kwa gudumu, inu mumatembenuza kachitsulo kofiira kolimbitsira gudumulo mpaka nambala yomweyo ioneke pasikirini, palibe zongoganizira. Umembala umodzi umakwanira banja lonse la m'nyumbamo. Ngati a kunyumba kwanu ndi ana akuluakulu nawonso azikwera, ndipo ndalama yapamweziyo siikutsinani, Peloton ili ndi nzeru yake. Koma munthu mmodzi amene akungoyamba kumene, amene sanadziwe ngati chishalo achizolowera, ayi.

Ndiye musanagule chilichonse, kayeseni kaye. Malo amasewera a khonsolo ya kwanuko nthawi zambiri amakhala ndi makalasi a spin, opalasa njinga zoterezi pagulu, olipira tsiku lomwe mwapitalo, popanda kulembetsa chaka. Pitani kangapo patsiku lanu lopuma. Mukamva nokha ngati kupalasa potsatira nyimbo ndi mawu a mphunzitsi kukukomerani. Funsaninso ku GP komweko zinthu ziwiri: ngati angakutumizeni ku masewera olimbitsa thupi pamtengo wotsika, chifukwa madera ambiri ali ndi dongosolo limeneli, komanso ngati mukuyenera kulowa pulogalamu ya NHS, bungwe la boma la zaumoyo kuno, yopewera matenda a shuga yotchedwa Healthier You, yomwe ku England ndi yaulere kwa anthu omwe shuga wawo ali m'malire ngati inu.

Mukakhutira, nayi njinga yoti mufune. Choyamba ikhale ya maginito. Zotchipa kwambiri zija zimalimbitsa gudumu ndi kansalu kokhuthala kokanikiza pachitsulo. Kansaluko kamalira fwee, kamatha, ndipo mukapalasa mwamphamvu kamatulutsa kafungo kotentha. Ya maginito palibe chokhudza gudumu, ndiye ili zii. Ikhalenso ya lamba osati ya tcheni. Inu mumakhala m'fulati ndipo muzipalasa nthawi zomwe ena akugona, phokoso ndi nkhani yaikulu ndi aneba a pansi panu. Chishalo chizikwera ndi kutsika, komanso chizisunthira kutsogolo ndi kumbuyo. Ichi musachinyengerere ngakhale pang'ono, chifukwa njinga yosakukwanani imabweretsa ululu wa bondo ndi msana. Onani malire a kulemera kwa wokwera omwe alembedwa, ndipo ikhale ndi Bluetooth yotumiza ku foni liwiro lomwe miyendo ikuzungulira.

Ine yomwe ndimauza anthu kuti ayambe kuiona ndi Schwinn 800IC, yomwe ena amaigulitsa ndi dzina loti IC8. Ndi ya maginito ndi lamba, imalumikizana ndi foni kapena tabuleti, ndipo mapedulo ake ali mbali ziwiri: mbali ina mumalowetsa nsapato wamba zamasewera m'kathumba komangira, mbali inayo ndi ya nsapato zokolera ngati mudzazifuna mtsogolo. A kampani ya JTX alinso ndi zabwino, ndipo kumasitolo a Decathlon kuli za mtundu wa Domyos zomwe m'masitolo ena mungathe kukhalapo musanalipire. Njinga ya Echelon anthu ambiri amaitchula ngati yolowa m'malo mwa Peloton, koma nayonso imakukokerani ku makalasi ake olipira, choncho werengani bwino zomwe imachita mukapanda kulembetsa.

Makalasi ndiye ali mbwee. Pa YouTube a Global Cycling Network ali ndi makanema aulere opalasira m'nyumba, ena aafupi kwambiri. Ngati muli ndi iPhone, Apple Fitness+ ili ndi makalasi a njinga pamtengo wotsika kwambiri poyerekeza ndi umembala uja. Ndipo aphunzitsi a Peloton omwewo mungawapeze pa app yawo ya pafoni osagula njinga yawo, kungoti muonetsetse gawo lomwe mukulipira, chifukwa lotchipitsitsa limakhala ndi malire pa kuchuluka kwa makalasi a njinga pamwezi. Dziwani kuti nambala ya kulimba yomwe mphunzitsi akutchula singafanane ndi ya njinga ya kampani ina. Zisakudetseni nkhawa. Tsatirani liwiro la miyendo, lomwe ndi lofanana pa njinga iliyonse, ndipo kulimbako muzimva nokha m'ntchafu. Palinso app ya Zwift, momwe kamunthu kanu kamapalasa pasikirini m'misewu ya London mpaka kukwera phiri la Box Hill pamodzi ndi anthu ena, koma imeneyo imakoma kwa okonda mpikisano, siyani kaye.

Ngati mtima wakakamirabe pa Peloton, funani yogwiritsidwapo kale ntchito. Nthawi ya Covid mu 2020 anthu anazigula mwaunyinji majimu atatsekedwa, ndipo zambiri zikugulitsidwa pa Facebook Marketplace, Gumtree ndi eBay. Musatumize ndalama musanaione ndi maso. Mukafika, weramani muyang'ane pansi pa mahandulo ndi pamwamba pa gudumu, pomwe thukuta limadonthera. Thukuta lili ndi mchere, ndipo ngati mwini wake sankapukuta mupeza dzimbiri pamabawuti ndi penti yotupa. Kwezani ndi kutsitsa chishalo muone ngati chikumangika. Kwerani, palasani pang'onopang'ono, kenako limbitsani gudumu muimirire pamapedulo, mumvetsere ngati pali kugogoda kapena kukwecha. Gwirani pedulo lililonse muligwedezere m'mbali, lisasewere. Yatsani sikirini muone ngati ikumva chala m'makona onse, wogulitsayo achotse akaunti yake inu muli pomwepo, ndipo akuonetseni kuti ngongole ya njingayo anaimaliza. Funsaninso kampaniyo ngati pali ndalama yolembetsera njinga yogula kwa munthu, poti ku America ndi Canada anayamba kulipiritsa zimenezi mu 2024. Njingayi imalemera makilogalamu pafupifupi 60, ndiye pamasitepe pafunika anthu awiri amphamvu. Kumbukiraninso kuti lamulo la masiku 14 obwezera katundu wogula pa intaneti limagwira mukagula kusitolo, osati kwa munthu wamba.

Ikafika m'nyumba, malo a masentimita 120 m'litali ndi 60 m'lifupi akwanira njingayo, koma muonjezerepo mpata wokwerera ndi kutsikira. Yalani mphasa yokhuthala pansi kuti kapeti ya eni nyumba isaonongeke. Imani pambali pa njinga, kwezani chishalo chifike pafupa la m'chiuno. Kenako khalanipo, ikani chidendene papedulo lomwe lili pansi penipeni, mwendo uwongoke. Mukabweza phazi kuti mupondere ndi kutsogolo kwake, bondo likhale lopindika pang'ono chabe. Mukaona chiuno chikupendamira uku ndi uku popalasa, chishalo chakwera kwambiri. Bondo likamawawa kutsogolo, nthawi zambiri chatsika. Mahandulo akhale m'mwamba poyamba kuti msana usavutike. Ikani fani patsogolo panu ngakhale kunja kuli chisanu, chifukwa m'nyumba mulibe mphepo yokuumitsani, ndipo botolo la madzi ndi kathaulo zikhale pafupi. Matako amawawa masabata oyamba, zimenezo ndi za aliyense ndipo zimachepa. Kabudula wa opalasa njinga wokhala ndi siponji amathandiza kuposa kugula chishalo chachikulu.

Chinthu chimodzi ndikuchenjezeni mwamphamvu. Njinga yakapalasa yakwathu ukasiya kupalasa potsetsereka, mapedulo amaima njinga n'kumapita yokha. Zambiri mwa njinga za m'nyumbazi sizitero. Gudumu lolemera lija ndi lomangirirana ndi mapedulo, ndiye likathamanga limakoka miyendo yanu, ndipo mukachotsa phazi mwadzidzidzi pedulo likhoza kukumenyani pamsongolo. Pofuna kuima, kanikizani kachitsulo kolimbitsira kaja pansi, ndiye buleki yake. Mukamaliza, limbitsani gudumu mpaka lisazungulire, ndipo mwana wamng'ono asayandikire pamene mukupalasa. Tizala tawo timafulumira.

A NHS komanso bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amalangiza mphindi zosachepera 150 pasabata za masewera apakatikati, kapena 75 za amphamvu, kuphatikizapo masiku awiri olimbitsa minofu. Apakatikati ndi pomwe mukupuma mofulumira, mukutha kuyankhula koma kuimba simungathe. Musayambire pa 150. Yambani ndi makalasi a oyamba kumene a mphindi 10 kapena 15, muzionjezera pang'onopang'ono, ndipo mphunzitsi akamakuwa kuti limbitsani inu muzimvera thupi lanu. Za nthawi, ine ndikanati muzikwera madzulo mukadzuka, musanapite ku shifiti, osati m'mawa mukangoweruka, chifukwa kupalasa mwamphamvu kenako n'kukagona kumachedwetsa tulo kwa anthu ambiri, ndipo tulo tanu n'tochepa kale. Zovala ndi nsapato muzizisiya pachishalo musanagone kuti mukadzuka musayambe kufunafuna.

Auzeni a dokotala kuti mukuyamba, makamaka ngati anakupatsani mankhwala. Ena a BP amachedwetsa kugunda kwa mtima, ndiye manambala a pawotchi yoyeza kugunda kwa mtima angakusokonezeni. Mukamva chizungulire tsikani mukhale pansi. Mukamva kuwawa kapena kuthina pachifuwa komwe sikukusiya, imbani 999, nambala ya zangozi, osadikira kuti muone mawa. Ndipo mitanda ya nsima ndi shuga wa mu tiyi wa pashifiti muzionenso, njinga yokha singasenze zonse.

Mukapeza ina yomwe yakusangalatsani, ponyani zithunzi muno musanalipire, makamaka cha pansi pa mahandulo, cha mapedulo ndi cha kapepala kolembedwa mtundu ndi nambala ya njingayo. Mutiuzenso kutalika kwanu ndi ndalama yomwe mwakonza, tikuthandizeni kuona ngati ikukukwanani.