Mfumu yolamula yokha ku Ulaya: mphamvuzo inazipeza bwanji?

Achimwene, mwafunsa kuti zinatheka bwanji kuti m'zaka za m'ma 1600 mafumu ena a ku Ulaya afike polamula okha popanda wowaletsa, komanso ngati anthu a nthawi imeneyo anali m'tulo kuti alole munthu mmodzi kutero. Ndaona ena akuyankhani kuti "anali ankhanza basi", ena akuti "mpingo ndi umene unapusitsa anthu". Zonsezo zilimo, koma mafumu ankhanza analipo kuyambira kalekale, ndipo mabishopu anakhala akudzoza mafumu kwa zaka mazanamazana izi zisanachitike. Chofunika kufunsa n'chakuti bwanji zinachitika nthawi imeneyoyo. Ndikuyankhani ndi dziko la France, poti ndi kumene zinaonekera poyera, ndipo mafumu ena ankasirira za kumeneko.

Mfumu ya ku France ya kale sinali yokha pabwalo. Dziko linali lodzaza ndi akalonga, aliyense ndi linga lake lamiyala, minda yake, alimi omulimira ndi asilikali ake. Mizinda inali ndi maufulu ake olembedwa. Mpingo unali ndi makhoti ake ndi chuma chake. Panalinso msonkhano waukulu wotchedwa Estates-General, wa magulu atatu, atsogoleri a mpingo, akalonga ndi anthu wamba, umene mfumu inkauitana zinthu zikathina. Mfumu inali wamkulu ndithu, koma wamkulu pakati pa anzake okhala ndi mikondo yawoyawo.

Chimene chinasokoneza zonsezi ndi nkhondo. Mizinga itabwera, linga limene kale linkapirira adani miyezi yambiri linayamba kugumuka m'masiku owerengeka. Malinga atsopano opirira mizinga, mfuti, wonga ndi malipiro a asilikali zinakwera mtengo moti kalonga payekha sakanazikwanitsa. Wokwanitsa anali yekhayo amene ankatolera msonkho m'dziko lonse. Pofika m'ma 1690, mfumu ya ku France, Louis XIV, inali ndi asilikali oposa 300,000 m'dziko la anthu pafupifupi 20 miliyoni. Nkhondo inkafuna ndalama, ndalama zinkafuna okhometsa msonkho, okhometsa msonkhowo ankafuna asilikali owaperekeza kumidzi, ndipo asilikaliwo ankafunanso malipiro. Gudumu limeneli likazungulira kamodzi, mfumu inkatuluka yamphamvu kuposa kale.

Tsono pa funso lanu loti kodi anthu anali m'tulo: ayi, anali maso, ndipo anali ataona zoopsa. Kuyambira 1562 mpaka 1598 dziko la France linali pa nkhondo yapachiweniweni, Akatolika ndi Apulotesitanti kuphana, akalonga akuluakulu akutsogolera mbali zonse ziwiri. Mu 1572, pa tsiku la Bartholomew Woyera, Apulotesitanti zikwizikwi anaphedwa ku Paris ndi m'mizinda ina. Mfumu Henry III anabayidwa ndi mpeni mu 1589. Henry IV, amene anathetsa nkhondoyo ndi lamulo la ku Nantes lolola Apulotesitanti kupembedza, nayenso anabayidwa mumsewu wa ku Paris mu 1610. Munthu amene munda wake watenthedwa kangapo ndi magulu ankhondo osiyanasiyana safunsa za ufulu wosankha atsogoleri, amafuna wina woti aletse chisokonezocho. Katswiri wa malamulo Jean Bodin analemba mu 1576, nkhondo ili mkati, kuti m'dziko muyenera kukhala ulamuliro umodzi wosagawanika. Thomas Hobbes wa ku England ananenanso zofanana mu 1651 ataona nkhondo yapachiweniweni ya kwawo. Chiphunzitso chakuti mfumu anaiika ndi Mulungu ndipo idzayankha kwa Mulungu yekha, chimene Bishopu Bossuet anachiphunzitsa mwamphamvu potsamira mavesi ngati a pa Aroma 13, chinagwera pa nthaka yolimidwa kale ndi mantha.

Amene anayala maziko si Louis XIV ayi, koma Kadinala Richelieu, nduna yaikulu ya bambo ake, Louis XIII, kuyambira 1624 mpaka 1642. Munthu ameneyu sankaseka ndi aliyense. Analamula kuti malinga a akalonga amene sanali m'malire a dziko agumulidwe. Anazinga mzinda wa Apulotesitanti wa La Rochelle kwa nthawi yopitirira chaka mpaka anthu ambiri a mmenemo anafa ndi njala, otsalawo n'kugonja mu 1628. Mu 1632 anadulitsa mutu kalonga wa ku Montmorency, wa m'banja lina lotchuka kwambiri m'dzikolo, chifukwa choukira. Anakhazikitsanso m'zigawo nthumwi za mfumu zotchedwa intendant, zoyang'anira msonkho ndi milandu, anthu oti mfumu inkatha kuwachotsa tsiku lililonse. Msonkhano wa magulu atatu uja unakumana mu 1614, ndipo sunaitanidwenso mpaka 1789. Palibe anauthetsa ndi lamulo. Anangosiya kuuitana kwa zaka 175.

Akalonga ndi oweruza anayesa kubweza. Louis XIV analowa ufumu mu 1643 ali ndi zaka zinayi, dziko likuyendetsedwa ndi mayi ake, Anne wa ku Austria, ndi Kadinala Mazarin. Mu 1648 kunabuka chipwirikiti chotchedwa Fronde, chimene chinatha zaka zisanu. Usiku wina mu Januwale 1649 mwanayo anathawitsidwa mu Paris mobisa kupita ku Saint-Germain, ali ndi zaka khumi. Mwezi womwewo ku London anadula mutu Mfumu Charles I, mwamuna wa azakhali ake. Mu 1651 khamu la anthu a ku Paris linalowa m'nyumba yachifumu mpaka kuchipinda kwake kukatsimikiza kuti sanathawenso, iye n'kumanamizira kugona. Taganizani mwana wokula ndi zimenezo m'mutu. Koma oukirawo anagonja chifukwa sankagwirizana, aliyense ankafuna zake, ndipo anthu wamba atatopa ndi asilikali awo analandira mfumu ndi manja awiri.

Mazarin atamwalira mu 1661, Louis, ali ndi zaka 22, anauza nduna zake kuti sasankhanso nduna yaikulu, alamula yekha. Chaka chomwecho Nicolas Fouquet, woyang'anira chuma cha boma, anamukonzera phwando lalikulu kunyumba yake ya Vaux-le-Vicomte, yokongola kuposa za mfumu. Patangopita milungu yochepa anamangidwa, ndipo anafera m'ndende mu 1680. Ntchito yake inapita kwa Jean-Baptiste Colbert, mwana wa m'banja la amalonda. Louis ankakonda nduna zotere, zoti zonse zili nazo zachokera kwa iye.

Za nyumba yachifumu ya ku Versailles mwina munaziona pazithunzi. Mfumu inasamutsira likulu kumeneko mu 1682, kutali pang'ono ndi Paris amene sankamukhulupirira. Kumeneko kudzuka kwa mfumu kunali mwambo, kudya mwambo, kugona mwambo. Akalonga amene makolo awo ankatsogolera magulu ankhondo anayamba kulimbirana kuti ndani apereke malaya kwa mfumu m'mawa, ndani agwire kandulo usiku. Zimaoneka zoseketsa, koma sanali opusa. Maudindo, ndalama za chaka ndi chaka, ukwati wabwino wa mwana, zonse zinkatuluka m'chipinda chimenecho, ndipo wosaoneka pamaso pa mfumu ankaiwalika.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi mmene nkhaniyi imaphunzitsidwira kawirikawiri, ngati kuti mfumu inaphwanya akalonga n'kutsala yokha. Sinawaphwanye. Inawalanda ufulu wokhala ndi asilikali awoawo ndi woukira, koma inawasiyira zina zonse, n'kuwawonjezeranso. Msonkho waukulu wotchedwa taille akalonga ndi atsogoleri a mpingo sankaulipira m'madera ambiri. Maudindo a pamwamba m'gulu lankhondo anali awo. Kuyambira pa pangano la 1516 ndi Papa, mfumu ndi imene inkatchula mabishopu, ndipo mipando imeneyo inkapita kwa ana a mabanja omwewo. Zinali ngati mwini esiteti ndi akapitawo ake: sangafike pamunda uliwonse, ndiye amawadalira, ndipo amatsinzina diso akamadyera matenanti masuku pamutu, bola fodya afike kushedi.

Ngakhale m'maofesi a boma mfumu inali yomangika manja. Pofuna ndalama zamsanga, mafumu a ku France ankagulitsa maudindo, a uweruzi ndi ena, ndipo kuyambira 1604 wogula ankatha kusiyira mwana wake udindowo akamalipira kandalama ka chaka ndi chaka. Munthu wogula mpando wake simungamuchotse musanamubwezere ndalama, ndipo ndalamazo mfumu inalibe. Zigawo ngati Brittany, Languedoc ndi Burgundy zinasungabe misonkhano yawo, imene inkanenerera msonkho ndi nthumwi za mfumu. Msonkho wa mchere unkasiyana chigawo ndi chigawo, ku Brittany kunalibiretu, moti kuzembetsa mchere kunali ntchito ya anthu ambiri. Malamulo a kumpoto anali ena, a kummwera ena. Mawu aja otchuka akuti "Boma ndine", amene anthu amati Louis ananena, akatswiri a mbiri sawapeza m'zolembedwa za nthawi yake. Boma lililonse la masiku ano, ngakhale losauka, limadziwa zambiri za nzika zake kuposa mmene Louis ankadziwira za anthu ake.

Wolipira zonsezi anali mlimi. Ku Normandy alimi ndi ophika mchere anaukira mu 1639, ku Brittany anaukira mu 1675, ndipo konseko asilikali anatumizidwa, anthu n'kupachikidwa. Njala ya mu 1693 ndi 1694, nkhondo ili mkati, inapha anthu oposa miliyoni imodzi. Mu 1685 Louis anafafaniza lamulo la ku Nantes lija la agogo ake, atayamba kale kugoneka asilikali m'nyumba za Apulotesitanti mpaka eni nyumba atembenuke. Pafupifupi 200,000 anathawa m'dzikolo, ambiri a iwo amisiri ndi amalonda, kupita ku Netherlands, England ndi Brandenburg, dera la ku Germany wa lero. Kagulu kena kanafika ku Cape cha m'ma 1688. Abale athu amene muli ku South Africa, mukamva dzina la tauni ya Franschhoek, kapena maina ngati Du Toit, De Villiers ndi Du Plessis, gwero lake ndi limeneli. Chaka chomwecho cha 1685 ndi chimenenso anatulutsa Code Noir, malamulo oyendetsera ukapolo wa anthu akuda m'zilumba za France.

M'maiko ena mgwirizano wa mfumu ndi akuluakulu umaoneka poyera kuposa ku France. Ku Brandenburg, mu 1653, wolamulira wa kumeneko, Frederick William, analandira kwa eni minda ndalama zosungira asilikali, iye n'kuwatsimikizira mphamvu zawo pa alimi amene sankaloledwa kuchoka pamindapo. Ufumu wa Prussia unamera pamenepo. Ku Russia lamulo la 1649 linamangirira alimi kwa ambuye awo, ndipo Peter Wamkulu, amene anayamba kumanga St Petersburg mu 1703, anakakamiza akalonga kutumikira boma, n'kuika mpingo pansi pa bungwe lake mu 1721. Ku Denmark zinayenda mwina: dziko litagonja kwa Sweden, anthu a m'mizinda ndi abusa ndi amene anagwirizana ndi Mfumu Frederick III mu 1660 kuti achepetse akalonga, ndipo mu 1665 mphamvu zonse za mfumu zinachita kulembedwa m'malamulo.

Ku England zinakanika. Charles I analamula popanda Nyumba ya Malamulo kuyambira 1629 mpaka 1640, koma nkhondo ndi anthu a ku Scotland itamuthera ndalama anakakamizika kuiitana, ndipo mathero ake ndanena kale. Pokhala pachilumba, dzikolo linkadalira zombo, ndipo zombo sizingatolere msonkho kumudzi. Mfumu James II, mwana wa Charles I, anathamangitsidwa mu 1688, ndipo mu 1689 zinalembedwa kuti mfumu singakhometse msonkho kapena kusunga asilikali nthawi ya mtendere Nyumba ya Malamulo isanavomere. Chodabwitsa n'chakuti boma la England linatuluka lamphamvu pa ndalama. Obwereketsa ankalikhulupirira, makamaka Bank of England itakhazikitsidwa mu 1694, moti linkakongola pa chiwongoladzanja chotsika kuposa mfumu ya ku France imene inkatha kukana ngongole ikafuna. Komanso tisathamangire kunena kuti mfumu yofooka ndiye yabwino. Ku Poland akalonga anafika poti mmodzi yekha ankatha kuimitsa msonkhano wonse wa dziko, ndipo pofika 1795 dzikolo linali litagawidwa ndi Russia, Prussia ndi Austria, osaonekanso pamapu.

Louis XIV analamula zaka 72, n'kumwalira pa 1 Seputembala 1715, akusiya ngongole yosaneneka. Mwana wake ndi mdzukulu wake oyenera kulowa ufumu anali atamwalira kale, choncho mpando unagwera mdzukulutuvi wa zaka zisanu. Anali atalemba wilo yofotokoza mmene dziko liyendere mwanayo asanakule, yopatsa mphamvu mwana wake wina wobadwira kunja kwa ukwati. Tsiku lotsatira, mtembo usanaikidwe, kalonga wa ku Orléans, mwana wa mng'ono wake wa Louis, anapita kwa oweruza a khoti lalikulu la Paris, omwe aja Louis anawatseka pakamwa mu 1673, n'kuwalonjeza kuwabwezera ufulu wawo wotsutsa malamulo a mfumu. Iwo anachotsa m'wiloyo zonse zimene kalongayo sankazifuna.