Akuti mwana wanga mtima wakula, tigulitse munda tipite ku India?

FUNSO

Zikomo adokotala. Mwana wanga wamkazi wa zaka 4 wakhala akupuma mwabefu, kutupa mapazi ndi kumaso, akangothamanga pang'ono basi wakhala pansi. Kuchipatala anamujambula pachifuwa nkutiuza kuti mtima wakula, akuganiza kuti minofu ya mtimayo yafooka, nde atilembera kalata yopita ku Queens. Koma achibale akuti uko tikungotaya nthawi, bola tigulitse munda tipite ku India akamupange opaleshoni ngati mmene anachitira mwana wa aneba athu. Bambo ake ali ku Joni, amatumiza kangachepe. Titani? Komanso pa minibasi mwana wodwala chonchi akafika?

Mayi wodandaula, Mangochi

YANKHO

Pepani mayi ndi matenda. Munda musagulitse kaye, pitani ku Queens.

X-ray anajambulayo imangoonetsa kuti mtima ukuoneka waukulu, siinena chaukulitsa. Mwina ndi bowo lobadwa nalo, mwina ma valve (tizitseko ta mumtima), mwina madzi azungulira mtima monga zimachitikira ndi TB, mwinanso ndi minofu yomwe akunenayo. Chomwe chimasiyanitsa zonsezi ndi echo, sikani ya mtima, amangopaka jelo pachifuwa nkuyendetsapo kachipangizo ngati sikani ya amayi oyembekezera ija, sizipweteka olo pang'ono. Nchomwe akukutumizirani ku Blantyre. Ndipo ngakhale a ku India enieniwo sangakupatseni deti kapena mtengo asanaone zotsatira za echo.

Tsono akapeza kuti ndi minofu, madokotala amati cardiomyopathy, ndipo mtundu umene umapezeka kwambiri mwa ana ndi woti mtima umatambasuka nkumapopa magazi mofooka. Apa ndi pomwe achibalewo akusokoneza, ngakhale akunena mwachikondi. Mwana wa anebawo ndikuganiza anali ndi bowo kapena valve yoonongeka, zimenezo amatsekadi, amasoka, mwana nkubwerako akuthamanga. Koma minofu yofooka ilibe posoka. Opaleshoni yake yeniyeni ndi kuika mtima wa munthu wina, zija zinayambira ku chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town mu 1967, ndipo zimenezo amaziganizira pokhapokha mankhwala akakanika, zimafuna kudikira mtima woti upezeke, ndalama zosaneneka komanso mankhwala okwera mtengo moyo wonse, si za munda umodzi ayi.

Ana ambiri a vutoli amathandizidwa ndi mankhwala omwe aliko konkuno: furosemide, amene ambiri timangoti Lasix, wochotsa madzi m'thupi, captopril kapena enalapril wopeputsa ntchito ya mtima, spironolactone, nthawi zina digoxin. Ena, makamaka amene mtima unafooka chifukwa cha vairasi, amapezako bwino ndithu pakapita miyezi. Ena sachira, amakhala pa mankhwala, sindikunamizani. Nde ndalama za bambo akewo sungani za thiransipoti, chifukwa ulendowu si umodzi, azikuuzani kuti mubwerenso ku kiliniki kuti aonenso echo ndi kusintha mlingo wa mankhwala mwana akamakula. Madokotala akaona kuti pakufunikadi kunja, kaya India kaya Tanzania, iwowo ndi amene amalemba nkutumiza ku Unduna wa Zaumoyo. Chenjerani ndi madobadoba a pa WhatsApp oti tumizani dipoziti tikupezereni bedi.

Za minibasi, zitengera mmene alili tsikulo. Ngati akupuma movutika ali chikhalire, akulephera kugona chagada, milomo yasintha mtundu kapena wakomokapo, musakwere naye, pitani pa chipatala cha boma kwanuko ayambe amuthandiza, apite pa ambulansi. Ngati ali bwinoko nyamukani m'mamawa kusanatenthe, pemphani kondakitala mpando wa pa windo, mwana akhale tsonga pamiyendo panu osati kumupanikiza pakati pa matumba a usipa. Ngati anayamba kale Lasix azikodza pafupipafupi, tengani zosinthira, koma musamudumphitse mankhwala poopa kuvutitsa adalaivala. Akayamba kutsegula m'mimba kapena kusanza muwauze achipatala msanga chifukwa ali pa mankhwala amenewa madzi amatha m'thupi mwachangu. Tchipisi ndi zamchere za pa siteji zija ayi, mchere umasunga madzi m'thupi.

M'chikwama mukhale kalata ija, buku lake la kuchipatala, X-ray, ndi mankhwala onse m'mapaketi ake omwe. Jambulaninso zonsezo pa foni, mapepala amasowa. Konzekani ngati mukagona, chitenje, bulangete, kapoto ndi kaufa, ugadiyani mukuudziwa.

Mukakumana ndi dokotala mufunse dzina la matendawo akulembereni m'buku, komanso mumuuze ngati kubanja kwanu kapena kwa bambo ake kuli amene anamwalira mwadzidzidzi akadali wamng'ono kapena anadwalapo mtima. Matendawa nthawi zina amayenda m'magazi, nde akhoza kukupemphani kuti mubweretsenso ana enawo adzawajambule.