Sleep kapena timer pa ntchito yobwerezabwereza?

Wowerenga wina wandilembera imelo. Ali ndi service (pulogalamu yosaima) yoyenda kuseri, yomwe imayenera kuyang'ana mu database mphindi iliyonse n'kutumiza mauthenga amene akudikira. Akufunsa ngati agwiritse ntchito timer (imene imaitana ntchito nthawi ikakwana) kapena angolemba loop (malamulo obwerezabwereza) yokhala ndi sleep (lamulo logoneka pulogalamu kwa kanthawi).

Zikomo pofunsa. Pa ntchito ngati yanuyi ine ndimasankha loop, koma ikhale yoti mutha kuidzutsa.

Loop ya sleep siwerengera nthawi imene ntchitoyo yadya. Ntchito ikatenga masekondi 5, kenako n'kugona masekondi 60, ndiye kuti mukuzungulira pa masekondi 65 alionse, ndipo patsiku muyenda maulendo 1,329 m'malo mwa 1,440. Potumiza mauthenga zimenezi sizidetsa nkhawa. Zikakhala zofunika, werengerani nthawi ya ulendo wotsatira ndi wotchi yosabwerera m'mbuyo, monga time.monotonic() ya Python, chifukwa wotchi wamba imatha kusunthidwa ndi NTP, njira yokonzera wotchi ya kompyuta kudzera pa intaneti. Chomwe ndimaikondera loop n'chakuti ulendo wachiwiri suyamba woyamba usanathe.

Timer zina sizitero. System.Threading.Timer ya .NET nthawi ikangokwana imaitana ntchito pa thread ina (njira ina yoyenda pambali mu pulogalamu yomweyo), osayang'ana ngati yoyamba yatha. Tsiku limene database idzachedwe, maulendo awiri adzatola mizere yomweyomweyo ndipo munthu adzalandira uthenga umodzi kawiri. Poyesa pa kompyuta yanu simungalione vutoli, chifukwa kumeneko zonse zimathamanga. ScheduledExecutorService ya Java siigundanitsa maulendo, koma ili ndi msampha wake: exception (cholakwika chochitika pulogalamu ikuyenda) imodzi yosagwidwa imaletsa maulendo onse otsatira mwakachetechete. Service imaoneka yamoyo pomwe ntchito inaima kalekale. Choncho, kaya loop kaya timer, ntchitoyo muikulunge mu try ndi catch, ndipo cholakwika chilichonse chilembedwe mu log.

Tsono za kudzutsa zija. Mukaimitsa service pa Linux, systemd, yomwe imayang'anira ma service, imatumiza SIGTERM (chizindikiro chopempha pulogalamu kuti itseke), n'kudikira masekondi 90 ngati simunasinthe, kenako, ikakhala isanatseke, n'kuipha ndi SIGKILL. Pulogalamu yomwe yalandira SIGTERM koma ili m'tulo tosadzutsika imaphedwa isanatseke zinthu zake bwino. Mu Python gwiritsani ntchito threading.Event ndi wait(60): imadikira ngati sleep, koma imadzuka pompo mukaitana set(). Mu .NET 6, yomwe inatuluka mu 2021, muli PeriodicTimer imene imalandira CancellationToken (choletsera kudikirako), ndipo mumaiika mu loop, kotero maulendo sagundana. Mu Go, time.Ticker pamodzi ndi context zimagwira ntchito yomweyi.

Zikanakhala za kamodzi patsiku, ndikanati musiye kaye service yogona maola 24, mupereke ntchitoyo kwa cron kapena systemd timer, zomwe zimayambitsa pulogalamu pa nthawi yoikika. Mukaika Persistent=true pa timer ya OnCalendar, ulendo umene unaphonyedwa makina ali ozima umachitika akangoyaka.