Akufuna nzeru zanu zaulere eti, achemwali?

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina amene akukhala ku Glasgow, ku Scotland. Akuti mtolankhani wa magazini ya zamaulendo wamulembera kuti amuuze malo abwino amene alendo sawadziwa, malipiro palibe, angomutchula dzina basi. Nde akufunsa kuti ayankhe kapena ayi, komanso kuti iye wobwera angadzitche bwanji wodziwa mzinda wa eni.

Achemwali, funso lachiwirilo ndi limene landikhudza kwambiri chifukwa nanenso linkandisowetsa mtendere nditangoyamba kulemba za Edinburgh, mzinda umene ndimakhala kuno ku Scotland. Mkonzi wina ananditumizira mafunso ambirimbiri, ine mosangalala ndinakhala pa kompyuta mpaka usiku mwana atagona, tiyi mpaka kuzizira, kulemba zonse zimene ndinaziphunzira ndi miyendo yangayi. Ndinawauza kuti mu Ogasiti nthawi ya Fringe, chikondwerero cha zisudzo ndi zaluso chimene chinayamba mu 1947, mu msewu wa Royal Mile simupitika, bola munthu atsikire ku Stockbridge ayende m'mbali mwa mtsinje wa Water of Leith mpaka ku Dean Village. Ndinawauza kuti phiri la Arthur's Seat ndi lalifupi, mamita 251 okha, koma mphepo ya pamwamba pake imalowa mpaka m'mafupa ndiye jekete osaisiya ngakhale dzuwa likuwala. Kuti ku National Museum of Scotland kulowa n'kwaulere, kuti mabasi amumzinda sabweza chenji ndiye ugunde khadi kapena ukhale ndi ndalama yokwanira ndendende. Nkhani itatuluka mawu anga anali ponseponse ngati awo, ine kunditchula kamodzi kumapeto kuti mayi wina wa ku Africa wokhala mumzindawu, dzina osalemba n'komwe. Zinandipweteka kwambiri ndipo mpaka pano ndikakumbukira mtima umawawa.

Nde ndikuuzeni mosabisa, wobwera amadziwa zinthu zimene wobadwira pomwepo sazionanso. Munthu amene wakwera basi kuyambira ali mwana sangaganize zochenjeza mlendo za chenji, koma inu munaimapo pakhomo la basi anthu akukudikirani kumbuyo, mukudziwa manyazi ake. Tony ndi Maureen Wheeler amene anayambitsa Lonely Planet, kampani ya mabuku a zamaulendo, mu 1973 sanabadwire ku Asia, anangoyenda kumeneko n'kulemba zimene anaona, ndipo palibe anawafunsa kuti kwanu n'kuti. Ndiye ife tizidzikayikira chifukwa chani?

China chimene chimandinyansa, akadziwa kuti ndiwe mzimayi mafunso amangokhala amodzimodzi, kodi kuyenda wekha usiku n'kotetezeka, kodi susungulumwa. Mafunsowo ndi ofunika ndithu, ine ndimayankha ndi mtima wonse chifukwa pali mtsikana wina amene akufika ndi sutikesi yake sakudziwa aliyense, ndipo m'nyengo yozizira kuno kumada cha m'ma 4 koloko masana. Koma timadziwanso mbiri ya nyumba zakalezi, timadziwa masitima, timadziwa nthawi imene mahotela amakwera mtengo. Jessica Nabongo, amene makolo ake ndi a ku Uganda, anamaliza kuyendera mayiko onse 195 mu 2019, nde asamationa ngati tangobwera kudzakongoletsa nkhani zawo. Ine pano ndafika poti amene akufuna ndime zathunthu kwa ine alipire, ndipo sindipepesa.

Ndiye muyankhe bwanji?

Yankhani, koma mwachidule, ziganizo ziwiri kapena zitatu, ndipo muwauze kuti alembe dzina lanu lonse ndi linki ya tsamba lanu. Akafuna zambiri afunseni kuti amalipira zingati komanso liti, zonse zikhale pa imelo osati pa foni. Zabwino kwambirizo musunge, mulembere mkonzi nokha kuti muli ndi nkhani yanu ya Glasgow. Koma onani kaye viza yanu musanalandire kalikonse, ngati muli pa Student visa ku UK saloleza kudzilemba nokha ntchito, ndipo ngati ndinu ololedwa, ndalama zoterezi zikapitirira £1,000 pachaka muyenera kulembetsa ku HMRC, bungwe lotolera misonkho ku UK.