Sikani ya adrenal ija, ndi BP ya mayi anga

Achemwali mwandilembera imelo kuti amuna anu ku Japan awauza zopanga sikani ya adrenal (kachiwalo kokhala pamwamba pa impso), yobaya kolesitero wa radiation, ndiye mukudabwa kuti bwanji adikire pafupifupi sabata asanawajambule. Funso lanu landigwira mtima, landikumbutsa mayi anga.

Mayi ankamwa mapiritsi atatu a BP m'mawa uliwonse, ndimawaonabe m'maganizo akutsegula kachitini kawo ka pa windo, koma BP osatsika, miyendo yofooka, usiku kudzuka kangapo kukataya madzi, kuchipatala kumangowauza kuti chepetsani mchere mayi, chonsecho ndiwo zinali kale zosakoma ngati za munthu wodwala. Palibe anaganizako zoyeza potaziyamu m'magazi. Patapita zaka ndi pomwe ndinadzawerenga za matenda omwe Jerome Conn anafotokoza mu 1955 ku Michigan, oti adrenal imatulutsa aldosterone wochuluka, homoni yomwe imakweza BP n'kutsitsa potaziyamu, ndipo ine ndimanena mosabisa, munthu amene BP yake ikukana mankhwala atatu amuyeze zimenezi, asiye kumangomukalipira za mchere.

Ku Michigan komweko m'zaka za m'ma 1970 anapanga NP-59, kolesitero womatidwa ayodini 131 wa radiation, yemwe amabaya pa sikaniyi. Adrenal imapanga mahomoni ake kuchokera ku kolesitero, ndiye ikamupeza imamumeza, kamera n'kuiona. Koma kolesitero sayenda yekha m'magazi, amakwera ma lipoprotein, LDL ndi HDL, ngati momwe timakwerera minibasi. Kolesitero wobayidwa uja ayenera apeze kaye mpando, wambiri amatsikira kuchiwindi ndi m'matumbo, wofika ku adrenal sakwana ngakhale 1 peresenti. N'chifukwa chake ofufuza anayesa kumukweza mu LDL kapena HDL asanabaye, kuti galimoto imutule pakhomo penipeni. Nzeru imeneyi ndimaikonda kwambiri, koma adrenal ya khoswe imadalira kwambiri HDL pomwe ya munthu imakonda LDL, ndiye zotheka pa khoswe sungangozikopera pa munthu. Komanso amene ali ndi kolesitero wambiri m'magazi, minibasi zadzaza kale, chithunzi chimatha kutuluka chosaoneka bwino.

Nanga amuna anuwo?

Kudikirako ndi koti wotsalira m'magazi achepe, adrenal ionekere. Adzawapatsa ayodini wakumwa woteteza chithokomiro, mwinanso dexamethasone, wopumitsa mbali ina ya adrenal, ndi mankhwala otsegula m'mimba. Awauze adokotala mapiritsi onse omwe akumwa, makamaka ngati pali spironolactone, mankhwala a BP otchinga aldosterone.