Kwa asisi a ku Katete amene afunsa za kosi ya kemisitiri pa intaneti

Asisi, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati munatsiriza Giredi 12, ku sukulu munaphunzira sayansi yophatikiza ija osati kemisitiri yapayokha, ndipo mufuna kudziwa ngati mungakwanitse kosi ya general chemistry ya chaka choyamba cha ku koleji pa intaneti, muli ndi foni yokha. Ine ndinaitenga kosi yotere ndili konkuno ku Chipata, masana ndikugulitsa mbewu ndi feteleza m'shopu, usiku ndikuwerenga. Zitheka ndithu. Koma lekani ndikuuzeni pamene ndinapunthwa ine, kuti inu mupalambalale.

Masabata oyamba ndinkangoonerera mavidiyo. Mphunzitsi akufotokoza za atomu, za ma proton ndi ma electron, za tebulo lija la Mendeleev la mu 1869 limene lero lili ndi ma element 118, ine ndikungogwedeza mutu kuti eya, ndamva. Nditafika pa mayeso ang'onoang'ono a ma mole, mutu unaima. Ndinali nditaona munthu akuwerengetsa, koma dzanja langa linali lisanawerengetsepo. Kuonerera wina akulima sikukupatsa mzere ngakhale umodzi. Kuyambira tsiku limenelo ndinagula buku lolembamo la chikuto cholimba ndi kakyuleta ya sayansi, ndipo vidiyo iliyonse ndinkaiimitsa mphunzitsi asanapereke yankho, n'kuyamba ndayesa ndekha.

Pa mole ndi pamene ndifuna muchedwepo, chifukwa kosi yonse yatsamira pamenepo. Mole ndi muyeso chabe, monga timanenera kuti dazeni kapena meda. Mole imodzi ndi tinthu 6.022 × 10²³, nambala ya Avogadro, ndipo ubwino wake ndi wakuti imalumikiza tinthu tosaoneka ndi maso ndi magalamu amene mungaike pa sikelo. Mole imodzi ya madzi ndi magalamu 18. Ya mchere wa m'ndiwo ndi magalamu 58.5.

Ine zinanditsegukira tsiku lina m'shopu, nditakhalira thumba la urea. Pa thumba palembedwa 46% N (N ndi nitrogen), ndipo zaka zonsezo ndinkangouza alimi kuti uyu ndi wobereketsa, osadziwa kuti nambalayo ichokera kuti. Ndinatenga pensulo. Urea ndi CO(NH₂)₂. Kulemera kwa ma atomu ake: carbon 12, oxygen 16, ma nitrogen awiri 28, ma hydrogen anayi 4, zonse pamodzi 60. Mukagawa 28 ndi 60 mupeza 46.7 pa 100 paliponse. Ndiye kuti m'thumba la makilogalamu 50 muli nitrogen wokwana makilogalamu 23 basi. Ndinakhala chete kwa kanthawi, mtima ukugunda. Ndinatembenukira ku D compound, wa 10-20-10 uja (manambala oimira nitrogen, phosphorus ndi potassium pa 100 paliponse) amene timathira chimanga chikangomera: nitrogen wake ndi makilogalamu 5 okha m'thumba, ndipo 20 uja si phosphorus weniweni koma amawerengedwa ngati P₂O₅, phosphorus wophatikana ndi oxygen. Zinthu zimene ndinkazisenza pamutu tsiku ndi tsiku zinayamba kulankhula. Nditafika pa mutu wa equilibrium (pamene kusintha kopita kutsogolo ndi kobwerera m'mbuyo kumafika polingana), chitsanzo chake chinali cha njira ya Haber, pamene nitrogen wa mumpweya amakumana ndi hydrogen kupanga ammonia, ndipo ammonia yemweyo ndiye gwero la urea. Ndinamvanso chifukwa chake alangizi amalimbikira kuti urea azikwiriridwa: mukangomumwaza pamwamba dzuwa likuswa mtengo, gawo lina limauluka ngati ammonia, ndalama zanu n'kupita ndi mphepo.

Inunso funani zitsanzo pakhomo panu pomwepo. Chidulo chimene amayi amachezera ku phulusa pophika therere ndi alkali, chinthu chotsutsana ndi asidi, n'chifukwa chake chimafewetsa ndiwo monga amachitira soda. Mandimu ndi vinega ndi asidi. Laimu amene amathira m'munda wa dothi lowawasa ndi nkhani yomweyo ya pH, muyeso wa kuwawasa kwa chinthu. Apa mudzafuna ma logarithm, chifukwa pH 4 ndi yowawasa kakhumi kuposa pH 5, osati pang'ono chabe monga manambalawo aonekera. Ngati masamu a log, a standard form ndi osuntha zilembo mu equation munawaiwala, perekani masabata awiri kwa iwo musanalembetse kosi. Ambiri amene amati kemisitiri ndi yovuta, kwenikweni ndi masamu amene awagwetsa.

Za foni: ikwanira kuonera ndi kuwerenga, ngakhale maso amatopa. Buku la kemisitiri la OpenStax, la ku Rice University, ndi laulere, ndipo mungalikopere m'foni kamodzi n'kumawerenga popanda bando. Khan Academy nayonso ndi yaulere, ndipo imafotokoza pang'onopang'ono. MIT OpenCourseWare ili ndi maphunziro a chaka choyamba, koma iwo amathamanga, muwasungire kutsogolo. Ine ndinkakopera mavidiyo a sabata yonse usiku netiweki ikadekha, chifukwa masana inkanditaya pakati pa phunziro. Tsiku lina magetsi anazima ndili pakati pa mayeso oyendera nthawi, foni n'kuthima, malikisi onse n'kupita. Ndinalira ndithu. Kuchokera apo mayeso sindinkawayamba foni isanadzaze ndi moto, ndipo ka power bank kankakhala pambali.

Tsopano pali nkhani ina, ndipo ndi yaikulu. Dzifunseni kuti kosiyi muifunira chiyani. Ngati ndi yokonzekera kuti mukalowa ku yunivesite ya UNZA, ya CBU kapena ku sukulu ya unamwino musakavutike, yaulere ikukwanirani, musataye ndalama pogula setifiketi. Koma ngati muganiza kuti pepalalo likalowa m'malo mwa giredi ya ECZ (bungwe la mayeso la Zambia) kapena mwa kosi ya chaka choyamba, yambani mwafunsa koleji imene mufuna kupitako, ndipo akuyankheni polemba. Mapepala ochokera kunja amatsimikizidwa ndi bungwe la boma la ZAQA, ndipo si setifiketi iliyonse ya pa intaneti imene ndi pepala lotere. Zimandiwawa ndikaona makolo agulitsa nshawa zawo kulipirira mwana pepala limene likangogona m'sutikesi.

Chinanso ndi labu. Pa intaneti mudzapeza zoyeserera za PhET, za ku University of Colorado Boulder, ndipo n'zothandiza kuona mmene mpweya umachitira ukaupanikiza kapena mmene equation imalinganizidwira. Koma kugwira burette (chubu chagalasi choyezera madzi), kudontheza dontho limodzilimodzi mpaka madzi asinthe mtundu pa titration (njira yoyezera mphamvu ya asidi kapena alkali), zimenezo foni singakuphunzitseni. Pitani kwa aphunzitsi anu akale a sayansi ku Katete komweko, muwapemphe mwaulemu kuti tsiku limene ana a sukulu achita ma practical mukakhale nawo kumbuyo. Ine ndinatero kawiri konse, ndipo zimene ndinaphunzira masiku awiriwo sindinaziiwale. Chonde musayese kupanga labu kukhitchini ndi mankhwala ochapira. Jik osamusakaniza ndi asidi kapena ammonia, mpweya wotulukapo ndi poizoni.

Pezaninso mnzanu mmodzi wophunzira naye, ngakhale pa WhatsApp pokha. Kuyenda awiri si mantha. Ine wanga anali wa ku Chadiza, ndipo madzulo aliwonse tinkajambulirana mapepala a zimene tawerengetsa. Manyazi otumiza pepala lopanda kanthu ndi amene ankandidzutsa masiku otopa.

Mundiuze kuti kosi mwaipezayo ndi ya yunivesite iti, ndi ya masabata angati, ndipo ngati ili ndi mayeso oyang'aniridwa. Komanso tengani pensulo lero lomwe: m'magalamu 117 a mchere muli ma mole angati? Mulembe njira yonse, osati yankho lokha, ndidzayang'ana mawa ndikatseka shopu.