Njinga yakale ikauma kumbuyo, musathamangire kugula mashoko

Bambo wina wa ku Chilomoni wanditumizira imelo. Ali ndi njinga yamoto yakale ya Honda CG125 yomwe inagona m'nyumba zaka zambiri. Aidzutsa, injini ikulira bwinobwino, koma kumbuyo kwauma gwa, bampu iliyonse ikukathera mumsana. Akufunsa ngati agule mashoko atsopano.

Achimwene, funso lanuli landikhudza, chifukwa ndikudziwa kale zomwe amakaniko akuuzani. Anandiuzanso ine zomwezo.

Malume anga anali mlangizi wa zaulimi ndipo anali ndi njinga ya mtundu womwewu. Atapuma pantchito anaiimika pakhonde ku Ndirande, n'kuifunditsa chiguduli. Mvula inkawaza, fumbi linkalowa, nkhuku n'kumagona pampando. Atandipatsa ndinathira petulo watsopano, kusintha pulagi, kuponda kiki, basi yalira. Musadabwe nazo. Honda inatulutsa CG125 mu 1975 poganizira mayiko ngati athu ano, kumene oyilo amasinthidwa pokhapokha m'thumba mukalola. N'chifukwa chake anaipatsa injini ya mtundu wotchedwa pushrod, yopirira nkhanza. Vuto lake n'lakuti injiniyo imatipusitsa. Ikalira timayesa njinga yonse ili moyo, pomwe zitsulo zina zinagwirana kalekale.

Pamsewu wa Chipembere zonse zinali myaa. Nditangokhotera m'tinjira ta ku Makata, mano ankagundana. Ndinapita nayo kwa makaniko wina ku Limbe, yemwe anangodina mpando kamodzi ndi chikhatho n'kunena kuti, "Mashoko atha awa, bwana." Anandimangira ena onyezimira, a masipuling'i ofiira, n'kusunga akalewo. Njinga inauma kuposa poyamba. Pobwerera kukafunsa akale aja, anati wina wagula.

Mashoko ambiri omwe ali mbwee m'mashopu a sipeya masiku ano ndi a njinga za kabaza, ndipo ogulitsa amasankha olimba dala. Wakabaza amakweza anthu awiri, kapena matumba a makala mpaka njinga osaoneka, ndiye amafuna sipuling'i yosagonja. Sindikuwanena, ndi ntchito yawo. Koma inu muli nokha, mwina ndi kachikwama kumsana. Sipuling'i yotereyo simungaifinye, olo mutadya nsima ya kondowole. Ndipo makaniko wosintha chitsulo asanamasule n'kuona, kwa ine ndi wogulitsa sipeya chabe. Nthawi ina ndinkati mwina ndi kuchuluka kwa ntchito. Pano sindiwaikiranso kumbuyo, ndi ulesi basi.

Amene anapeza vuto ndi mdala wina wokonza njinga pansi pa mtengo kuseri kwa msika wa Ndirande. Sanayankhule zambiri. Anaimika njinga pa sitandi yapakati, n'kumasula mashoko onse awiri. Tayala lakumbuyo limayenera kugwa pansi nthawi yomweyo. Silinagwe. Linangokhala lende m'malere, swingarm (chitsulo chogwira tayala lakumbuyo, chomwe chimakwera ndi kutsika nalo) itaima pomwe inali. Mdala uja anandiyang'ana, n'kuloza bawuti yaitali imene swingarm imazungulirapo, kuseri kwa injini. Inatuluka ndi hamala, itafiira ndi dzimbiri, girizi wake atasanduka ngati dothi la pachulu. Anaipala ndi sandipepa, kusintha mabushi (timachubu tomwe bawutiyo imadutsamo), kupaka girizi, kubwezeretsa. Ndalama yake inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya mashoko ofiira aja.

Pamenepa ndionjezepo za kutsuka njinga. Anyamata amazilowetsa mumtsinje wa Nasolo kapena Mudi madzi mpaka kufika pa tcheni, n'kumathira sopo wa ufa paliponse. Njinga imawala, inde, koma madziwo amalowa m'mabushi n'kutsuka girizi, ndipo satulukamo. Kuphatikiza matope a dzinja, bawuti ija singachedwe kugwira. Enanso oumitsa njinga ndi opopa matayala m'mbali mwa msewu, oyeza mpweya ndi chala chachikulu. Kwa iwo tayala labwino ndi lomwe silikudinika n'komwe.

Nanga muchite chiyani?

Yambani ndi zaulere. Yezani mpweya ndi geji. Tayala lakumbuyo la njinga yaing'ono ngati yanuyi limafuna cha m'ma 28 psi mukakhala nokha. Onani tcheni: ikakungika kwambiri imaletsa swingarm kukwera, ndiye pakati pake izisewera masentimita awiri kapena atatu. Kenako yang'anani kunsi kwa shoko iliyonse, pali kolala yolimbitsira kapena kufewetsera sipuling'i, ya timano, kawirikawiri tisanu. Ikhoza kukhala kuti mwini wake wakale anaisiya pa dzino lolimbitsitsa. Ibwezeni pofewa, mbali zonse ziwiri mofanana. Mukakhalapo, kumbuyo kuzitsika masentimita awiri kapena atatu.

Zikakanika, chitani za mdala uja. Mashoko ali panja, kwezani ndi kutsitsa swingarm ndi dzanja. Iziyenda mosavuta, koma isamagwedere cham'mbali. Ikakhala bwino, ndiye tsopano kayikirani mashokowo: kachitsulo konyezimira kam'kati kangakhale kopindika kapena kadzimbiri, ndipo imodzi ikhoza kugwira inzake ili bwino. Sipuling'i musaichotse ndi masikuludiraiva, imauluka ndipo imavulaza. Pomanganso, mabawuti a mashoko muwalimbitse njinga itatsika pa sitandi, munthu atakhalapo, kuti mphira wa m'mabushi usapotoke.

Ngati kugula kuli kosapeweka, yezani kutalika kwa yakale kuchokera pakati pa bowo lapamwamba kufika pakati pa lapansi, gulani ziwiri zofanana, ndipo muuzeni wogulitsayo kuti si za kabaza. Akalewo musawasiye kwa makaniko, mupite nawo kunyumba.